Alamu Akalusa, Chawapweteka N'chiyani?

Pali zinthu zimene zimandizunguza mutu pa nkhani ya alamu anga, ndipo ndaona kuti ndizifunse poyera. Kwa anthu amene anaphunzira zachipatala mwina ndi mafunso apafupi. Ndifunsabe, chifukwa mwini nkhaniyi sangathe kudzifunsira yekha.

Ndine mkamwini m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja, pa msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay. Ndimachita geni ya usipa: kugula kwa alovi m'bandakucha, kuyanika pathandala, kulongedza m'matumba n'kupita nawo ku Limbe. Pakhomo pamene ndinakwatira pali achimwene awo a mayi akunyumba, bambo wandevu zake, wazaka zoposa 30. Ali ndi autism. Mawu awo ndi owerengeka, ndipo kawirikawiri amangobwereza zimene wanena iweyo. Ukawapatsa moni sakuyang'ana kumaso. Nsima amadyera m'mbale imodzi yomweyo, pamalo amodzi omwewo, kuseri kwa khitchini. Koma abweretsereni ukonde umene wang'ambika pamiyala, muone. Kale ankakhala nawo tsiku lonse osatopa, ndipo maso amene asokawo simungawasiyanitse ndi akufakitale. Eni zilimira amachita kuwasungira ntchito.

Masiku ena amalusa. Sizibwera mwadzidzidzi monga mmene anthu amanenera. Amayamba ndi kung'ung'udza chapansipansi, kenako kugwedezeka chamtsogolo ndi cham'mbuyo, zikhatho zili kumakutu. Zikapitirira amadziluma padzanja lamanja, m'munsi mwa chala chachikulu, pamene khungu linachita kukhuthala n'kuda ndi mano awo omwe. Zikafika poipa amamenyetsa mutu kukhoma, ndipo chilichonse chimene chili pafupi chimauluka. Ana amathawira kwa aneba. Akuluakulu amathamangira kuno, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo ndi amodzimodzi: "Kodi mankhwala amwa?"

Bwanji palibe amene amafunsa kuti chawapweteka n'chiyani? Ine dzino likandigwira usiku, kukacha sindilankhulika. Koma ndimatha kuloza tsaya n'kunena kuti apa, wina n'kuthamangira kugolosale kukagula panado. Nanga munthu amene alibe mawu onenera kuti apa, ululu wake utulukira pati?

Chaka china, m'nyengo yotentha, alamu analusa milungu yotsatizana. Achibale anali atayamba kale kusonkha ndalama ya galimoto yoti ipite nawo ku Zomba Mental Hospital. Amene anatulukira gwero lake ndi apongozi anga, pochapa. Anaona timadontho tamagazi pakabudula wamkati. Anawatsatira chapatali akupita kukataya madzi, n'kumva akubuula. Linali likodzo. Kunyanja kuno likodzo si mlendo: tizilombo take timakulira mu nkhono za m'mabango ndi m'madzi osaya, timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kukoka khoka, n'kukakhazikika m'mitsempha ya pachikhodzodzo. Achipatala anawapatsa praziquantel, ndipo patapita milungu ingapo anabwerera ku ukonde wawo ali munthu wina. Mankhwala amenewa kawirikawiri amagawidwa m'masukulu. Nanga munthu amene sukulu inamukanika ali wamng'ono, amene sangaime pamzere wa anthu ambiri chifukwa phokoso limamusokoneza, amamupeza ndani? Ndipo galimoto ija ikananyamuka, adokotala tikanakawauza chiyani? Tikanati mutu wafika poipa. Za magazi sizikanatchulidwa n'komwe.

Namwino wina wa matenda a maganizo anandiuza kuti zimene anachita apongozizo n'zimene mabuku amalamula. Ku England, bungwe la NICE linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka anthu akuluakulu a autism mu 2012. Malangizowo amati munthu wotere akayamba kulusa, musanaganize za mapiritsi yambani mwafufuza ululu ndi matenda a m'thupi, mufufuze ngati ali ndi nkhawa kapena kukhumudwa, muonenso malo amene akukhala: phokoso, kuwala, kuthithikana kwa anthu, ndi kusintha kwa zimene anazolowera. Ngati zili choncho, bwanji ntchito yofufuzayi timaisiyira gogo wochapa yekha? Kodi si pamene tonse tiyenera kuyambira, ife apakhomo ndi achipatala omwe?

Za phokosozi ndaziona ndi maso anga, ndipo zimandidabwitsa. Adhana ya kumzikiti imamveka kasanu patsiku pachimkuzamawu, koma siwavuta. Amachita kuiyembekezera, ndipo ikachedwa amayang'anayang'ana komweko. Koma njinga yamoto ya kabaza ikaliza hutala mwadzidzidzi kuseri kwa nyumba, kapena pakakhala ukwati masipika n'kuchezera usiku wonse, thupi lawo lonse limanjenjemera. Ndiye kuti vuto si kukula kwa phokoso kokha, komanso kusadziwa kuti libwera liti ndipo litha liti? Mwezi wa Ramadan pakhomo pamasintha zonse. Moto wamasana suyaka, anthu amadzuka usiku kudya daku. Kale mwezi umenewu unkakhala wovuta kwambiri kwa alamu, anthu n'kumati majini akukana kusala. Shehe wa m'mudzi mwathu ndi amene ananena kuti munthu ngati ameneyu chipembedzo sichimukakamiza kusala, aziphikiridwa nsima yake pa nthawi yake. Kuyambira pamenepo mweziwo umadutsa bwino. Ngati nsima ya nthawi yake inathetsa vutolo, kodi silinali njala chabe, ndi kusokonekera kwa ndondomeko imene moyo wawo wonse umatsamira?

Mankhwala sindidana nawo. Ndinalipo usiku umene alamu anadzing'amba pamphumi magazi ali chuchuchu, amuna akuluakulu tikulephera kuwagwira. Jakisoni wa kuchipatala ndi amene anawapulumutsa, ndipo ndimathokoza mpaka lero. Koma atatuluka m'chipatala anawalembera chlorpromazine, amene ambiri timangoti Largactil, ndipo akhala akumwa zaka ndi zaka. Mwezi ndi mwezi mayi akunyumba amatenga kabuku kawo ka kuchipatala, kukaima pamzere, n'kubwera ndi kajumbo ka mapiritsi.

Akamwa amagona mpaka dzuwa kufika paliwombo. Akadzuka amayenda chouma khosi, mapazi akukhwekhwereza, dovu likutsika. Manja amanjenjemera moti singano ya ukonde imawapulumuka. Anthu odutsa amati, "Komatu apeza bwino, angoti phee." Wapeza bwino ndani, iwo kapena ife? Munthu amene ankasoka ukonde tsiku lathunthu, lero akutaya tiyi ponyamula kapu, tinganene kuti akuchira?

Namwino uja anandifotokozera kuti mankhwala ochiza autism kulibe, chifukwa ndi mmene ubongo wa munthuyo unakulira kuyambira pachiyambi. Chlorpromazine anapangidwa ku France mu 1950, ndipo ntchito imene anatchuka nayo ndi ya matenda amene munthu amamva mawu kapena kuona zinthu zimene palibe. Alamu samva mawu a kulikonse. Chimene amamva mopitirira muyezo ndi phokoso limene lilipodi. Ndipo machenjezo a mankhwalawa ndi odziwika: amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, amalepheretsa thupi kudziziziritsa bwino kukatentha, amadzimbitsa, ndiponso angachititse munthu wa khunyu kugwa pafupipafupi. Tsono taganizani za Mangochi mu Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi, mphepo itaima, munthu ali m'nyumba ya malata masana onse chifukwa cha tulo ta mapiritsi. Ngati kudzimbidwa n'kumodzi mwa zinthu zimene zimalusitsa munthu wotere, ndipo mankhwala omukhazika mtima pansi ndi amene akumudzimbitsa, kodi sitikungozungulira pamodzimodzi?

Alipo mankhwala ena atsopanoko. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza risperidone mu 2006 ndi aripiprazole mu 2009 kuti azithandiza pa kulusa kwa anthu a autism. Ndinasangalala nditamva, mpaka nditaona zaka za anthu ake: risperidone anamuvomereza kwa ana a zaka 5 mpaka 16, aripiprazole kwa a zaka 6 mpaka 17. Kafukufuku wotchuka wa mu 2002 anayesa risperidone pa ana 101 kwa milungu 8. Ambiri kulusa kunachepadi, koma ananenepa ndi makilogalamu pafupifupi atatu m'kanthawi kochepako. Kafukufuku wa akuluakulu amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa mu 1998, ndipo munali anthu 31 okha, kwa milungu 12. Madokotala amawaperekabe kwa akuluakulu, ndipo ena amathandizikadi. Koma womwa amafunika kukwera sikelo ndi kuyezedwa shuga kawirikawiri, chifukwa kunenepa kwake kumabwera ndi matenda ena. Risperidone amatha kutupitsa mabere ngakhale kwa mwamuna. Ndipo mankhwala onse a gulu limeneli, akale ndi atsopano, akamwedwa zaka zambiri angamusiye munthu akutafuna m'kamwa mulibe kanthu, lilime likungoyenda lokha, nthawi zina osadzasiyanso. Milungu 12 ya anthu 31 ingatiuze bwanji zimene zimachitikira munthu amene wamwa zaka khumi?

Kodi ana a autism sakula? Dokotala Leo Kanner atalemba za ana 11 ku Baltimore mu 1943, woyamba pa mndandanda wake anali Donald Triplett wa m'tauni ya Forest ku Mississippi. Mwana ameneyo anakula, anagwira ntchito kubanki, ankayendetsa galimoto, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Pa zaka zonsezo, zaubwana zinali zingati? Kwathu kuno zimene timamva n'za ana. Koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Bungwe la PODCAM ndi la makolo a ana olumala. Zonsezi ndi ntchito zabwino ndipo ndimazilemekeza. Koma mwana uja akamera ndevu, agogoda pakhomo liti? Kuli chipatala cha Zomba, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kwa ife a kunyanja kuno konseko n'kutali, timakukumbukira zinthu zitafika kale poipa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Ngati chiwerengero cha WHO chingagwirenso ntchito kuno, ndiye kuti kuyambira ku Makanjira, Malindi ndi Namwera mpaka ku Chembe kuli anthu oposa 10,000 onga alamu anga, ena olankhula bwino amene amangotchedwa aukali kapena osachezeka, ena osalankhula n'komwe. Ali kuti? Ena ndawaona poyenda geni. Wina amatandala pamsika ana akumugenda kuti amuone akudziluma. Wina ndinamupeza ali ndi chingwe kumwendo, atamangiriridwa kumtengo, mbale ya phala ili pambali. Mayi ake sanali munthu wankhanza. Anali yekha, mwamuna ali ku Joni, ndipo kudimba kumafunika munthu. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza anthu olumala mu 2012. Kodi lamulo limafika bwanji pamtengo umenewo, ndipo likafika limamupatsa chiyani mayi uja choti agwiritse m'malo mwa chingwe?

Pali chifukwa china chimene anthu oterewa amabisidwira. Malemu apongozi anga aamuna anali ndi chilimira, ndipo chaka chimene anapha utaka wambiri n'chimene anthu anazindikira kuti mwana wawo salankhula. Mudzi unagamula kuti bambo wakhwimira mwana kuti nsomba zizilowa mu ukonde. Anapita kumanda ndi mbiri imeneyo. Alamu ali ndi mphini pachifuwa, kumsana ndi m'mbali mwa maso, zoyesa kumasula zimene panalibe amene anamanga. Ngati ana otere amabadwanso ku Japan, ku Brazil ndi ku Norway, m'mabanja a aphunzitsi ndi a alimi, kumeneko wawakhwimira ndani? Ofufuza apeza kuti autism imayendera kwambiri chibadwa. Koma banja limene likulozedwa chala limatseka chitseko, ndipo munthu wotsekeredwa palibe amene amamuyang'ana m'kamwa ngati dzino labowoka.

Funso limene limandisowetsa tulo kwambiri ndi lakuti, mankhwalawa amasiyitsa ndani? Malangizo a NICE aja amati ngati mankhwala a mtunduwu afunikadi, pakhale chinthu chenicheni chimene akufuna kuchepetsa, aonenso wodwalayo pakatha milungu itatu kapena inayi, ndipo ngati pofika milungu 6 palibe kusintha kooneka, awasiye. Ku England komweko, mu 2016 anayambitsa ndondomeko yotchedwa STOMP atazindikira kuti anthu ambiri a autism ndi ovutika kuphunzira akumwetsedwa mankhwala otere kwa zaka popanda chifukwa chokwanira. Ngati zinachitika kumeneko kumene madokotala alipo ambiri, kuli bwanji kuno? Sindikuloza chala wachipatala amene amakhala yekha m'chipinda, mzere utafika panja. Iye amafunsa kuti, "Achimwene anu ali bwanji?" Mayi akunyumba amayankha kuti, "Aliko bwino," chifukwa mwezi umenewo sanaswe kanthu. Cholembera chimayenda, mwezi wina n'kuwonjezeka. Mwini thupi ali kunyumba, akugona. Pakati pa anthu awiriwa, woyenera kuyambitsa nkhani yochepetsa ndi uti?

Tinachenjezedwa mwamphamvu kuti tisadzayerekeze kuwasiyitsa tokha kunyumba, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale wotere achimve chimenechi. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kusowa tulo, nseru, ndi kulusa koposa kwa poyamba. Amachepetsa pang'onopang'ono, wachipatala akuyang'anira. Ndipo anthu ambiri a autism amakhalanso ndi khunyu. Mankhwala a khunyu, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndi nkhani ina, sadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, makamaka kuno kumene munthu angagwere m'madzi kapena pamoto wowambira nsomba. Koma ngati kusiya mwadzidzidzi n'koopsa chotere, nanga mwezi umene pawindo lolandirira mankhwala pamamveka yankho lakuti atha, banja lichite chiyani?

Ndimaganizanso za akazi. Mayi wa autism akamalusa mwezi ndi mwezi, alipo amene amawerenga masiku ake a kumwezi kuti aone ngati ndi cham'mimba? Akayamba mwadzidzidzi kukana njira ina, kapena kunjenjemera akaona munthu wina wake, alipo amene amafunsa kuti munthuyo anamuchita chiyani? M'madoko muno mumagona anthu ochokera kosiyanasiyana, ndipo mtsikana amene sangathe kunena amakhala pangozi yaikulu. Kumumwetsa mapiritsi ogonetsa osafufuza, kodi si kutseka pakamwa pa mboni? Ndipo sodium valproate, amene amaperekedwa pa khunyu ndi pa kusinthasintha kwa mtima, amatha kuvulaza mwana ali m'mimba. Amene amamusamalira mayi wotere amauzidwa zimenezi?

Pakhomo pathu tinayamba kulemba. Mwana wanga wamkazi ali ndi kope limene amalembamo tsiku lililonse limene amalume ake alusa: chinachitika n'chiyani zisanayambe, anadya chiyani, anagona bwanji, kuchimbudzi anapita liti, ndipo ife tinachita chiyani. Kopelo laonetsa zinthu zimene maso athu ankazidumpha. Masiku ovuta ndi amene kwabwera alendo osayembekezeka, amene usiku wake kunatentha udzudzu n'kuchuluka, ndi amene m'mimba mwauma. Tinayamba kuwapatsa madzi ambiri, mapapaya ndi masamba. Tinamanga kachisakasa ka udzu kumbuyo kwa nyumba, kutali ndi msewu, n'kuyalamo mkeka. Kung'ung'udza kukangoyamba, ena onse amachoka, amalankhula ndi munthu mmodzi yekha, mawu ochepa, chapansipansi.

"Alamu, tipite kuchisakasa?"

"Kuchisakasa."

Amanyamuka okha, chingwe cha ukonde chili m'manja, akuchipota ndi zala. Sitiwagwira pokhapokha ngati akudzivulaza, chifukwa kugwidwa ndi manja ambiri kumawonjezera mantha. Kukakhala ulendo timawauza dzulo lake, n'kuwaonetsa nsapato zawo ndi kabuku kaja. Kulusa sikunathe. Koma kunachepa, ndipo masiku ambiri kumathera pa kugwedezeka, osafika kukhoma. Zonsezi sizinafune ndalama yoposa mtengo wa kope. Ngati zili zotheka chotere, bwanji alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi sikelo ya ana sangaphunzitsidwenso zimenezi, kuti azisiyira mabanja pamodzi ndi uphungu wa maneti ndi katemera?

Apongozi anga akukalamba, maso ayamba kuchita chifunga. Iwo ndi amene amadziwa kusiyana kwa kung'ung'udza kwa njala ndi kwa ululu. Azichimwene ena a mayi akunyumba ali ku Joni, amatumiza ndalama, koma ndalama sidziwa kumva kung'ung'udza. Mwa mwambo wa kuno, alamu ndi mwinimbumba, ana anga ndi mbumba yawo. Pa maliro ndi pa chinkhoswe dzina lawo limatchulidwa, koma pa za thupi lawo lomwe timagamula ndife.

Kiliniki ikubwerayi tagwirizana kuti tipite nawo limodzi, m'mamawa mzere usanatalike, kope lili m'manja. Tikapempha wachipatala awaone manja mmene akunjenjemerera, awayeze sikelo, awayang'ane m'kamwa, ndipo atiuze ngati mapiritsiwa angachepetsedwe pang'onopang'ono kapena kusinthidwa. Ndikufunanso kukafunsa ngati pali njira yowafunsira iwo eni. Alamu amakankha mbale ya ndiwo zimene sakuzifuna. Maukonde awiri akabwera amasankha okha woti ayambe kusoka. Ngati amatha kukana ndiwo ndi kusankha ntchito, bwanji pa mapiritsi amene ameza zaka zonsezi sanafunsidwepo ndi kamodzi komwe?